Ndandanda Ikamalephera Sabata ndi Sabata: Kufufuza Vuto la Nthawi kwa Wophunzira Amene Alinso pa Ntchito

Lamlungu madzulo munthu amakhala pansi ndi pepala, cholembera ndi rula, n'kujambula ndandanda yokongola kwambiri: kudzuka 4 koloko m'mawa, kuwerenga maola awiri, kupita ku ntchito, kukalowa m'kalasi madzulo, kenako kubwereza manotsi mpaka 11 koloko usiku. Lolemba zimayenda bwino. Lachiwiri alamu ikalira amaizimitsa n'kudziuza kuti adzuka pakapita mphindi khumi, koma amadzidzimuka kunja kutayera kale. Lachitatu abwana amamupempha kuti atsalire pang'ono chifukwa mnzake sanabwere. Amafika kunyumba 8 koloko itadutsa, amatsegula buku, amawerenga ndime imodzi katatu osamvapo kanthu, ndipo amadzadzuka pakati pa usiku tsaya lili pa tsamba lomwelo, nyali ikuyakabe. Pofika Lachisanu pepala lija limakhala litakwiririka pansi pa mabuku, ndipo Lamlungu lotsatira amajambulanso lina, lokhwima kuposa loyamba lija.

Amene anaphatikizapo ntchito ndi sukulu sangaione yachilendo nkhani imeneyi. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri akafika pamenepa amadziweruza okha kuti ndi aulesi kapena kuti alibe mutu wa sukulu, chikhalirecho munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse n'kukakhalanso m'kalasi madzulo sangatchedwe waulesi ndi aliyense woganiza bwino. Kulephera kwa ndandanda ndi chizindikiro chabe, ndipo chizindikiro chimodzi chomwecho chimatha kuchokera ku matenda osiyanasiyana. Makaniko wodziwa ntchito yake, galimoto ikakana kulira, sathamangira kumasula injini. Amayamba waona ngati muli mafuta, kenako batire, kenako mawaya. Vuto la nthawi limafunanso kufufuzidwa motsatana chomwecho, kuyambira pa chinthu chapafupi chimene anthu ambiri amachidumpha, chomwe ndi kuwerengera maola.

Choyamba, onani ngati maolawo alipodi

Sabata imodzi ili ndi maola 168, ndipo palibe luso limene lingawonjezerepo ngakhale ola limodzi. Akatswiri a za tulo amagwirizana kuti munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 usiku uliwonse, choncho maola 49 achoka, kwatsala 119. Ngati mumagwira ntchito maola 40 pa sabata, kwatsala 79. Tiyerekeze kuti maulendo opita ku ntchito, ku sukulu ndi kubwerera kunyumba amadya maola 10 pa sabata, ndipo kusamba, kuphika, kudya, kuchapa ndi kukonza m'nyumba kumatenga maola atatu pa tsiku, omwe ndi 21 pa sabata. Apa mwatsala ndi maola 48.

Tsopano funso ndi lakuti sukuluyo ikufuna maola angati. Ophunzira ambiri amangowerengera maola okhala m'kalasi, komwe ndi kudzinamiza kwakukulu. M'mayunivesite a ku America muyezo wodziwika ndi wakuti ola limodzi la m'kalasi limayendera limodzi ndi maola osachepera awiri owerenga pawekha. M'maiko a ku Ulaya amene amatsatira dongosolo la ECTS loyezera kuchuluka kwa ntchito ya wophunzira wa payunivesite, chaka chimodzi cha maphunziro athunthu chimawerengedwa kuti ndi maola apakati pa 1,500 ndi 1,800, ndipo mukawagawa pa masabata 40 mupeza maola apakati pa 37 ndi 45 sabata iliyonse, tingoti 40. Izi zikutanthauza kuti maphunziro athunthu ndi ntchito yachiwiri yathunthu. Mukachotsa 40 pa 48 aja mutsala ndi maola 8 okha, ndipo m'maola amenewa muyenera kulowa ana, mnzanu wa m'banja, kupembedza, kuzonda odwala, kupuma ndi zonse zogwa mwadzidzidzi. Ngati ntchito yanu ndi ya maola 48 pa sabata, omwe ndi malire amene bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la International Labour Organization (ILO) linakhazikitsa mu 1919 kwa ogwira ntchito m'mafakitale, simutsala ndi ola ngakhale limodzi.

Manambala anu adzasiyana ndi amenewa, n'chifukwa chake muyenera kuwapeza nokha. Kwa sabata imodzi yathunthu musasinthe kalikonse pa moyo wanu, koma muziyenda ndi kope laling'ono n'kumalemba chimene mwachita ola lililonse likatha. Muzilemba zimene zachitikadi, osati zimene mukanakonda kuti zichitike. Ine nditachita zimenezi koyamba ndinachita manyazi kuona kuti kupuma kwanga kwa pambuyo pa ntchito, komwe ndinkakuyesa kwa mphindi 20, kunkadya ola ndi theka tsiku lililonse. Ndinapezanso nthawi ina imene ndinali ndisanaiwerengerepo chiyambire, yomwe ndi nthawi yodikira: kudikira galimoto, kudikira mphunzitsi, kudikira kuti msonkhano wa ku ntchito uyambe. Kudikira kokhako kunkapitirira maola asanu pa sabata.

Kopelo likadzadza lidzakuuzani chimodzi mwa zinthu ziwiri: kuti maola sakukwana n'komwe, kapena kuti alipo koma akutayikira penapake. Mankhwala a mavuto awiriwa ndi osiyana kotheratu.

Maola akapanda kukwana

Pamenepa palibe ndandanda, pulogalamu ya pa foni kapena kulimba mtima kumene kungakupulumutseni. Chinthu china chiyenera kuchepa basi, ndipo mukapanda kusankha nokha, zinthu zimadzisankha zokha: loyamba kudulidwa limakhala tulo, kenako magiredi amatsika, ndipo pomaliza abwana amayamba kukuyang'anani ndi diso lofiira.

Njira yoyamba ndiyo kuchepetsa maphunziro amene mukutenga pa semesita. Njira imeneyi imawawa chifukwa imatalikitsa ulendo, moti digiri ya zaka zinayi imasanduka ya zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, anzanu akukusiyani m'mbuyo. Koma taonani masamu ake. Amene watenga maphunziro asanu n'kulephera awiri wakhoza atatu, chimodzimodzi amene anatenga atatu n'kukhoza onse. Kusiyana kwawo n'kwakuti woyambayo adzalipiranso fizi ya maphunziro awiri aja, ali ndi mbiri ya kulephera pa chikalata chake, ndipo atatu amene anakhozawo anawakhoza movutikira chifukwa nthawi yake inagawanika pasanu. Masukulu ambiri amakhala ndi tsiku lomaliza limene wophunzira angasiye phunziro popanda kulembedwa kuti walephera. Tsiku limenelo mulidziwe sabata yoyamba yomwe ya semesita, chifukwa anthu ambiri amalifufuza litadutsa kale.

Njira yachiwiri ndiyo kukhudza maola a ku ntchito. Mayunivesite ambiri amalangiza ophunzira a maphunziro athunthu kuti asamagwire ntchito maola opitirira 15 kapena 20 pa sabata. Malangizo amenewa ndi abwino, koma amangoseketsa munthu amene malipiro ake ndiwo akudyetsa banja ndi kulipira fizi yomweyo. Kwa munthu wotere chotheka si kuchepetsa maola kwenikweni koma kuwasuntha, ndipo zimenezi zimafuna kulankhula ndi abwana nthawi ikadalipo. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kuimba foni m'mawa wa tsiku la mayeso n'kunamizira kudwala, ndi kugogoda pa ofesi kudakali mwezi wathunthu n'kunena kuti: "Bwana, mayeso anga ayamba pa 14 mwezi wamawa ndipo atenga masiku asanu. Ndikupempha kuti masiku atatu achotsedwe pa tchuthi changa, ndipo pa awiri otsalawo ndagwirizana kale ndi mnzanga kuti tisinthane mashifiti, ngati inu mungavomereze." Pempho lotere limabwera ndi masiku enieni komanso yankho lake, moti abwana sakhala ndi chowapweteketsa mutu. Werenganinso bwino kalata yanu ya mgwirizano wa ntchito ndi malamulo a kampani. Mu 1974 bungwe la ILO linavomereza Pangano nambala 140 lolimbikitsa maiko kuti ogwira ntchito azipatsidwa tchuthi cha maphunziro cholipidwa, ndipo ngakhale si maiko onse amene analisaina, mabungwe ndi makampani ena ali ndi tchuthi chotere m'malamulo awo, chimene antchito ambiri sachipempha chifukwa chosadziwa kuti chilipo.

Pali ena amene amabisa ku ntchito zoti ali pa sukulu, poopa kuti abwana aganiza kuti akukonzekera kuthawa. Mantha amenewa nthawi zina amakhala oona, pakuti alipodi mabwana amene sakondwa kuona wapansi pawo akuphunzira. Komabe kubisa kuli ndi mtengo wake: kuchedwa kulikonse kumafuna bodza latsopano, ndipo tsiku limene zidzaululike, chidzakumbukiridwa ndi mabodzawo. Maganizo anga ndi akuti, pokhapokha ngati muli ndi umboni wakuti ntchito ingakuthereni, ndi bwino kunena poyera.

Njira yachitatu ili kunyumba. Anthu amene mumakhala nawo sangalemekeze nthawi imene simunawauze. Mawu akuti "ndikhala wotanganidwa chaka chino" sathandiza aliyense, pamene mawu akuti "Lachiwiri ndi Lachinayi madzulo, komanso Loweruka m'mawa mpaka 12 koloko, ndizikhala ndikuwerenga, ndipo Lamlungu masana ndi anu" amapatsa aliyense poyambira, ngakhale mwana wamng'ono.

Maola alipo, koma asayimenti imachedwa nthawi zonse

Ngati kope lija laonetsa kuti nthawi ilipo, komabe usiku wotsiriza umakupezani mukulemba mothamanga, kawirikawiri vuto limakhala pa kayerekezedwe kanu ka kutalika kwa ntchito. Akatswiri a za kaganizidwe ka munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anafotokoza mu 1979 kuti anthu amakonda kuchepetsa nthawi imene ntchito yawo idzatenge, ngakhale akudziwa bwino kuti ntchito zofanana nayo zinawatengera nthawi yaitali m'mbuyomu. Mu 1994 Roger Buehler ndi anzake ku Canada anafunsa ophunzira a payunivesite kuti adzamaliza liti kulemba kafukufuku wawo wa chaka chomaliza. Ophunzirawo anayerekeza masiku pafupifupi 34, ndipo atafunsidwa kuti nanga zonse zitavuta kwambiri, anati masiku pafupifupi 49. Zoona zake, ntchitoyo inawatengera masiku oposa 55, kutanthauza kuti inapitirira ngakhale malire amene iwo ankawayesa oipitsitsa, ndipo amene anamaliza pa tsiku limene ananena sanafike ngakhale mmodzi pa atatu alionse.

Chimachititsa zimenezi n'chakuti tikamakonza mapulani timaona m'maganizo mwathu tsiku labwino lokhalokha, tsiku limene sitikudwala, intaneti ikugwira bwino, buku tikulifunalo lili pa shelefu ndipo ku ntchito sikunagwe vuto. Kwa wophunzira wapantchito masiku otere ndi owerengeka. Chothandiza ndi kusiya kufunsa mtima wanu kuti ntchitoyi itenga nthawi yaitali bwanji, n'kuyamba kufunsa mbiri yanu kuti asayimenti yapitayi inatenga maola angati kuyambira pa kufufuza mabuku mpaka pa kuipereka. Ngati simunalembe penapake, tengani nthawi imene mukuyerekeza n'kuwonjezerapo theka lake. Imene mukuiyesa ya maola khumi muipatse khumi ndi asanu.

Kenako yambani kuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku lopereka, ndipo tsiku loperekalo mulikokere pafupi ndi masiku atatu pa kalendala yanu. Ntchitoyo muiphwanye m'zidutswa zooneka ndi maso. Mawu akuti "kulemba asayimenti" akakhala pa ndandanda sauza munthu wotopa chochita, koma "kupeza mabuku atatu", "kulemba mitu ya ndime zonse" ndi "kulemba ndime ziwiri zoyamba" ndi ntchito zimene munthu angaziyambe atangokhala pansi, n'kudziwa pamene zathera.

Pali zinthu ziwiri zina zimene zimagwetsa anthu pamenepa. China ndi kusunga makalendala awiri osaonana, ya sukulu m'kope ndi ya ntchito m'mutu. Masiku onse a mayeso ndi opereka asayimenti ayenera kukhala pa pepala limodzi ndi masiku otanganidwa a ku ntchito, monga kumapeto kwa mwezi, nthawi yowerenga katundu kapena yolemba malipoti, kuti muone msanga sabata imene ziwirizi zidzawombane ndipo muyambiretu ntchito ya sabata imeneyo. Chinanso ndi ndandanda yodzadza mpaka pakamwa, yopanda mpata ngakhale umodzi. Ndandanda yotere ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: imasangalatsa Lamlungu poijambula, koma ovataimu ya tsiku limodzi lokha imagwetsa sabata yonse chifukwa ntchito yophonyedwayo imasowa kolowera. Siyani madzulo amodzi kapena theka la tsiku lopanda chilichonse, likhale nkhokwe yolipirira ngongole za sabatayo. Sabata ikayenda bwino, nthawi imeneyo ndi yanu yopuma, ndipo musachite nayo manyazi.

Mwakhala pansi, buku lili patsogolo, koma palibe chikulowa

Ili ndi vuto limene limabisala kwambiri, chifukwa pa pepala zonse zimaoneka kuti zili bwino: maola alipo ndipo mwawasungadi. Koma maola sali ofanana. Mu 1997 ofufuza a ku Australia, Drew Dawson ndi Kathryn Reid, anapeza kuti munthu amene wakhala ali maso kwa maola 17 amachita zinthu mofooka mofanana ndi munthu amene m'magazi mwake muli mowa wa mlingo wa 0.05 peresenti, womwe m'maiko ambiri ndi malire a woyendetsa galimoto. Tawerengerani nokha: amene wadzuka 5 koloko m'mawa amakwanitsa maola 17 pa 10 koloko usiku, nthawi yomweyo imene ophunzira ambiri apantchito amati ayambe kuwerenga phunziro lovuta kwambiri. Komanso ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana pa nthawi ya tulo, kotero kuti wodula tulo kuti awerenge amakhala ngati wotunga madzi ndi chidebe chobooka.

Kuthetsa kwake kumayamba ndi kugawa ntchito za sukulu molingana ndi kulemera kwake. Kumvetsa mfundo yatsopano, kuchita masamu ndi kulemba nkhani yaitali ndi ntchito zolemera, ndipo ziyenera kupatsidwa maola amene mutu wanu uli wopepuka. Kukonza manotsi, kumvetsera phunziro lojambulidwa, kulemba mndandanda wa mabuku amene mwagwiritsa ntchito ndi kusanja mapepala ndi ntchito zopepuka, zoyenera madzulo pamene mwatopa. Kwa anthu ambiri maola abwino ndi a m'mawa asanapite ku ntchito, koma chenjezo lake ndi ili: kudzuka 4 koloko kumafuna kugona cha m'ma 9 koloko, ndipo amene amadzuka 4 koloko atagona 11 koloko wangosuntha vutolo, pakuti akugona maola asanu okha. Kwa wogwira ntchito usiku, m'mawa wake ndi nthawi iliyonse imene wadzuka ku tulo take teniteni, ngakhale itakhala 2 koloko masana.

Ngati madzulo ndiyo nthawi yokhayo imene muli nayo, pali zinthu zochepa zimene zimathandiza. Musayambe mwafika kunyumba, chifukwa mpando wofewa ndi bedi zimapambana nthawi zonse; pitani ku laibulale kapena tsalirani pamalo abata mukangoweruka, muwerenge ola limodzi, kenako mupite kunyumba mutamaliza. Katulo ka mphindi 20 musanayambe kamatsitsimula, koma kakapitirira pamenepo mumadzuka mutu uli wolemera. Samalaninso ndi zakumwa zothamangitsa tulo. Theka la kafeini wa m'zakumwa zimenezi limakhala likadali m'thupi pakapita maola pafupifupi asanu, moti zimene mwamwa 6 koloko madzulo zimakhala zikukugwiranibe 11 koloko usiku, ndipo mawa lake mumadzuka otopa n'kufunanso zina. Ngati mukugona mokwanira koma kutopa sikukuchoka kwa masabata angapo, nkhaniyo yachoka m'manja mwa ndandanda, ndipo ndi bwino kukaonana ndi dokotala.

Mumawerenga ndithu, koma pa mayeso zonse zimathawa

Apa nthawi mukuipereka, koma kawerengedwe ndi kamene kakukuberani. Katswiri wa ku Germany Hermann Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene munthu waphunzira zimaiwalika mofulumira kwambiri m'maola ndi m'masiku oyambirira, komanso kuti kubwereza komwazika pa masiku angapo kumasunga zambiri kuposa kubwereza kounjikidwa pa nthawi imodzi. Choncho maola asanu ndi limodzi a Lamlungu lokha amabala zochepa poyerekeza ndi ola limodzi pa tsiku kwa masiku asanu ndi limodzi, ngakhale chiwerengero cha maola n'chimodzimodzi.

Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anachita kafukufuku amene wophunzira aliyense wosowa nthawi ayenera kumudziwa. Gulu lina la ophunzira linapatsidwa mipata inayi yowerenga nkhani mobwerezabwereza, pamene gulu lina linapatsidwa mpata umodzi wokha wowerenga ndi mipata itatu yolemba zimene likukumbukira popanda kuyang'ana nkhaniyo. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja anachita bwino kuposa anzawo. Koma patapita sabata imodzi zinthu zinatembenuka: owerenga mobwereza anakumbukira pafupifupi 40 peresenti, pamene odziyesa anakumbukira pafupifupi 61 peresenti. Chochititsa chidwi n'chakuti owerenga mobwerezawo ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Kuwerenga tsamba kachitatu kumapatsa munthu mtima wakuti walidziwa, pamene wangolizolowera ndi maso.

Kwa wophunzira wapantchito imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa kudziyesa sikufuna tebulo kapena ola lathunthu. Maola odikira aja, amene ankaoneka otayika, ndi oyenera ndendende ntchito imeneyi. Mukatuluka m'kalasi, lembani mafunso asanu kapena khumi ochokera pa phunziro la tsikulo kumapeto kwa kope kapena pa timakadi, mayankho ali kuseri. Mawa lake podikira galimoto kapena pa nthawi yopuma masana, yankhani mafunsowo mumtima musanayang'ane yankho, ndipo amene akuvutani muwabwerezenso pakapita masiku awiri, kenako pakapita sabata. Koma musayembekezere kuti tizidutswa ta mphindi khumi tingakulembereni asayimenti. Kulemba kumafuna nthawi yaitali yosadukiza, chifukwa maganizo amatenga kanthawi kuti achoke pa ntchito imene mwangoisiya n'kukhazikika pa yatsopano. Tizidutswa ndi ta kukumbukira, ndipo maola awiri kapena atatu ogundizana ndi a kulemba.

Mashifiti akamasintha sabata iliyonse

Ndandanda yomangidwa pa wotchi singagwire ntchito kwa munthu amene sabata ino akulowa m'mawa ndipo sabata yamawa usiku. M'malo mwa wotchi, mangirirani kuwerenga kwanu pa zochitika zimene sizisintha. Katswiri wina, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti munthu amakwaniritsa cholinga mosavuta akaneneratu kuti chakuti chikachitika adzachita chakuti. Mawu akuti "ndikadzuka n'kusamba, ndiwerenga mphindi 45 ndisanagwire foni" amagwira ntchito kaya mwadzuka m'bandakucha kapena masana. Tsiku limene ndandanda ya mashifiti yatuluka, khalani pansi mphindi 15 n'kusankhiratu mipata iwiri kapena itatu yaitali ya sabatayo. Dziikireninso mlingo wotsikitsitsa wa tsiku loipa, monga kuyankha mafunso khumi okha, kuti chingwe chisaduke.

Foni ndi kuzengereza

Za foni sizifuna mawu ambiri. Ikakhala pafupi mudzaigwira, choncho iikeni m'chipinda china, ndipo ngati manotsi anu ali momwemo, atsitsireni m'foni nthawi ikadalipo n'kuzimitsa intaneti. Njira imene Francesco Cirillo anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, yogwira ntchito mphindi 25 n'kupuma mphindi zisanu, imathandiza makamaka poyamba, chifukwa munthu wotopa amene sangavomere maola awiri amavomera mphindi 25. Koma mukaona kuti mukuzengereza phunziro limodzi lomwelo nthawi zonse pamene ena mumawachita msanga, vuto silili pa foni. Kawirikawiri zimatanthauza kuti pali mfundo imene munaiphonya m'mbuyomu ndipo zonse zotsatira zake zikukuopsani. Mphindi 30 ndi mphunzitsi kapena mnzanu amene anaimvetsa zingakubwezereni masabata angapo.

Mukatsalira kale

Mwina mukuwerenga zonsezi semesita ili pakati, ntchito zitaunjikana kale. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kufuna kubweza zonse nthawi imodzi, n'kuunjika ntchito ya masabata atatu pa Loweruka limodzi, zomwe zimathera pa ndandanda ina yolephera. M'malo mwake lembani pa pepala limodzi ntchito zonse zotsala, ndipo pambali pa iliyonse mulembe zinthu zitatu: tsiku lopereka, malikisi amene ili nawo pa phunziro lonse, ndi chilango cha kuchedwa. Mudzaona kuti sizili zofanana. Ntchito ya malikisi 5 siyenera kudya madzulo atatu pamene ya malikisi 30 ikudikira, ndipo asayimenti yapakatikati imene yaperekedwa imabweretsa malikisi, pamene yabwino kwambiri imene ikadali m'kompyuta yanu ilibe kanthu. Mitu imene munaiphonya m'kalasi musaiwerenge yonse motsatana ngati buku la nthano. Yambani ndi imene mitu yotsatira ikudalira, komanso imene imabwera kawirikawiri m'mapepala a mayeso akale.

Ngati mwawerengera n'kuona kuti ntchito ina singatheke pa tsiku lake, lemberani mphunzitsi tsikulo lisanafike, pakuti pempho lobwera tsiku litadutsa limamveka ngati chowiringula ngakhale litakhala loona. Uthengawo ukhale waufupi, waulemu ndiponso wotchula tsiku lenileni: "Aphunzitsi, ndine wophunzira wanu wa kalasi ya madzulo. Sabata ino ku ntchito andiika pa mashifiti a usiku masiku anayi otsatizana, ndipo ndalemba theka lokha la asayimenti yofunika Lachisanu. Ndikupempha kuti mundilole ndidzaipereke Lolemba m'mawa. Ndaphatikiza gawo limene ndalemba kale pamodzi ndi ndandanda ya mashifiti anga." Akavomera, Lolembalo musaliphonye, chifukwa pempho lachiwiri silimveka ngati loyamba. Akakana, mwadziwa kukadali masiku angapo, ndipo madzulo a Lachitatu ndi Lachinayi muwapereke ku theka lotsalalo, ntchito ya malikisi 5 ija idikire.